Agogo anamenya nkhondo ku Burma: ndiyambire pati kufufuza za usilikali wawo?

Mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, wafunsa motere: "Agogo anga aamuna, obereka bambo anga, kwawo kunali cha ku Ekwendeni. Anamwalira ine ndili wamng'ono. Timangomva kuti anamenya nawo nkhondo ku Burma. M'bokosi lawo lachitsulo tapezamo mamendulo atatu, awiri onga nyenyezi, ina yozungulira, koma palibe dzina. Ana anga akundifunsa, ine ndikusowa choyankha. Ndiyambire pati? Komanso ena akuti ku Britain kuli ndalama za asilikali akale. Kodi n'zoona?"

Amayi, bokosi mwatsegulalo musalitseke msanga. Anthu ambiri amene amabwera kwa ine ndi funso ngati lanu amafuna kuthamangira ku Zomba kapena pa intaneti, chonsecho chinthu chofunika kwambiri chili m'nyumba mwawo momwe, mwinanso m'mutu mwa gogo wina kumudzi. Chinthucho ndi nambala ya usilikali. Gulu la nkhondo la atsamunda linkamudziwa msilikali wachikuda ndi nambala yake. Dzina linkalembedwa mmene kalaliki walimvera, koma nambala sinkasintha kuyambira tsiku lolembedwa mpaka tsiku lotulutsidwa. Mukaipeza, zitseko zimayamba kutseguka. Asilikali ambiri olembedwa kuno pa nkhondo yachiwiri anali ndi nambala yoyamba ndi zilembo DN, ndiye mukaona zilembo ziwirizi paliponse, kaya pa kapepala kong'ambika, kuseri kwa chithunzi, m'kati mwa chivindikiro cha bokosi kapena pa chikuto cha Baibulo lakale, mwagwira poyambira.

Za mamendulo opanda dzina zisakudetseni nkhawa, ndipo wina asakuuzeni kuti ndi abodza. Mamendulo a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 amene boma la Britain linapereka ankatuluka choncho, opanda dzina. Koma amayankhula ndithu. Tengani nyenyezi imodzi, muipukute ndi kansalu kouma, muiyang'ane padzuwa. Ili ndi nsonga zisanu ndi imodzi, ndipo pakati pake pali kabwalo kolembedwa mawu mozungulira. Ngati mawuwo ndi The Burma Star, ndiye kuti zimene mumamva kunyumbazo zili ndi umboni, chifukwa nyenyezi imeneyo inkaperekedwa kwa amene anatumikira pa nkhondo ya ku Burma pakati pa December 1941 ndi September 1945. Kansalu kake, ngati kakadalipo, ndi kofiira pakati, m'mbali mwake muli buluu wodera ndi mzere wa olenji. Nyenyezi inayo ndikuganiza kuti ndi The 1939-1945 Star, ya kansalu ka mitundu itatu: buluu wodera, kufiira ndi buluu wowala. Koma muiwerenge bwino, chifukwa ikakhala The Africa Star, ya kansalu kooneka ngati mchenga, nkhani yakula. Ndiye kuti agogo analowa usilikali kale, ndipo asanapite ku Burma anali atamenyana ndi Ataliyana ku Abyssinia, imene lero ndi Ethiopia, kapena ku Somaliland cha m'ma 1940 ndi 1941. Yozungulirayo, ikakhala ndi mutu wa mfumu George VI mbali imodzi, mbali inayo mkango utaponda chinjoka, ndi War Medal.

Komabe yozungulirayo muipendeke, muyang'ane m'mphepete mwake ndi tochi ya foni. Mamendulo a nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918 ankadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwiniwake m'mphepetemo, m'tizilembo tating'ono tomwe diso lothamanga silingationse. Chimodzimodzinso mendulo ya amene anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Ndinaonapo banja lina likusunga mendulo zaka zambirimbiri likuyesa kuti ndi ya bambo awo. Titaipendeka tinapeza kuti ndi ya agogo awo, bambo wa bamboyo, amene palibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa kuti anagwirako mfuti. Chonde musaikweche ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulu kuti iwale. Kukwechako n'kumene kumafufuta tizilembo timene tikufunati.

M'bokosimo, kapena m'nyumba za azakhali ndi amalume, funafunani kabuku kamene msilikali ankapatsidwa potuluka usilikali. Kamakhala kakang'ono, kotha kulowa m'thumba la malaya. Mmenemo mumakhala nambala, gulu, tsiku lolowa ndi lotuluka, mudzi, mfumu ndi boma lakwawo, ndi mawu amodzi kapena awiri a mkulu wa asilikali onena za khalidwe lake. Madoda ambiri ankakasunga ngati diso chifukwa kankawathandiza kupeza ntchito ya umesenjala, upolisi, ulonda kapena uderaivala. Mukakapeza, kajambuleni ndi foni tsamba lililonse, ngakhale looneka ngati lopanda kanthu. Musakapititse kokamata pulasitiki ya moto ija, imaononga pepala lakale ndipo sichoka. Kaikeni mu envelopu youma, kutali ndi khoma. Chinyontho cha kuno ku Mzuzu mukuchidziwa, chimadya pepala kuposa chiswe.

Tsopano ndinene chimene chili pamtima panga kwambiri. Mapepala adikira, koma anthu sadikira. Munthu amene analowa usilikali mu 1942 ali ndi zaka 18, lero wadutsa zaka 100. Otsala ndi owerengeka. Amene alipo ndi alongo awo aang'ono, akazi awo achiwiri, ana awo oyamba, ndi anyamata a nthawi imeneyo amene ankakhala pamphala kumvetsera nkhani za madoda obwera kunkhondo. Kwerani minibasi ya ku Ekwendeni mwezi uno, osati chaka chamawa. Ine ndinachedwapo, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Ndinauzidwa za gogo wina wamkazi cha ku Bolero amene ankatha kutchula nambala ya mwamuna wake ngati nyimbo, chifukwa pa nthawi ya nkhondo ankaitchula kuboma pokalandira ndalama zimene mwamunayo ankatumiza. Ndinati ndipita mvula ikatha. Nditafika ndinapeza manda a mwezi umodzi, ndipo mwa ana ake onse panalibe amene anailemba nambalayo.

Mukafika, musayambe ndi funso lakuti agogo anali m'bataliyoni iti. Adzangoti kaya. Khalani pansi, perekani shuga ndi sopo amene mwatenga, muike mamendulo pamphasa, muwasiye awagwire. Ayankhule m'Chitumbuka ngati ndi mmene nkhani ikutulukira bwino, inu mupemphe chilolezo chojambula mawu pa foni. Funsani zinthu zimene anthu amakumbukira. Anapita chaka cha njala iti, kapena ndani anali wakhanda pamene ankachoka? Anapita ndi ndani wa m'mudzi muno? Anawalemba pabwalo la mfumu kapena anachita kupita okha kuboma? Anabwera ndi chiyani: jasi, chipewa chopindika mbali imodzi, nsapato za jombo, makina osokera, njinga? Ankatchula malo ati? Mawu ngati Mombasa, Colombo, Calcutta, Gondar kapena Madagascar amatuluka atapindika m'kamwa mwa gogo, koma alembeni mmene mwawamvera, kuwongola kudzabwera pambuyo. Ankagwira ntchito yanji kumeneko: mfuti, kuyendetsa galimoto, kunyamula ovulala, kuphika, mawailesi? Funso lakuti anapita ndi ndani ndi lamtengo wapatali. Anyamata a mudzi umodzi olembedwa tsiku limodzi ankalandira manambala otsatizana, ndiye kabuku ka mnzawo kakapezeka kubanja lina, nambala ya agogo anu ili pafupi pomwepo. Ndipo ngati kwanuko kuli magule a malipenga, khalani nawo pansi akuluakulu ake. Gule ameneyu anachokera ku perete ndi mabandi a asilikali, ndipo amene anamusunga nthawi zambiri amadziwa kuti m'mudzimo anapita kunkhondo ndi ayani.

Vuto lalikulu limene mukumane nalo ndi dzina. Ife timawadziwa agogo ndi chiwongo, koma kalaliki wa asilikali kawirikawiri ankalemba dzina loyamba ndi dzina la bambo, chiwongo n'kuchisiya. Pa nkhondo yoyamba ambiri analembedwa dzina limodzi lokha. Ena ankalowa ndi dzina la ubwana, ena la ubatizo, ena lodzipatsa ku ntchito. Wothawa msonkho kapena mlandu ankasintha dzina dala, ndipo wina ankapita m'malo mwa mkulu wake n'kutenga dzina la mkuluyo. Panalinso amene ankadzitchula kuti ndi Ayao chifukwa azungu ankakhulupirira kuti Ayao ndiwo odziwa nkhondo. Kalembedwe nako n'kosokoneza: Yohane angapezeke ali Johane kapena John, Mhango ali Mango, Chirwa ali Chilwa. Choncho lembani maina onse amene agogo anaitanidwapo, pamodzi ndi a bambo awo ndi a mfumu ya nthawi imeneyo. Apa mpingo umathandiza. Mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a mgonero a mishoni zakale monga Ekwendeni, Bandawe, Embangweni ndi Livingstonia ndiwo kaundula weniweni wa kumpoto kuno, popeza boma la atsamunda silinkalemba kubadwa kwa anthu akuda. N'chifukwa chakenso masamba a pa intaneti ofufuzira mibadwo, aja olipira mwezi ndi mwezi, sakupindulirani kwenikweni. Anamangidwa pa kaundula wa maiko ena. Pitani kwa abusa kapena mlembi wa mpingo wakumudzi, ndipo ngati mabuku akale anasamutsidwa, likulu la Sinodi ya Livingstonia lili mumzinda mwathu muno, akakulozerani.

Maina a malo nawo anasintha. Musafufuze mawu akuti Mzuzu m'zikalata za nkhondo. Pa nthawiyo kuno kunalibe tauni. Mzuzu inayamba kukula cha m'ma 1947 ndi minda ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung, nkhondo itatha kale. Munthu wa ku Ekwendeni ankawerengedwa pansi pa boma la Mzimba, limene m'mapepala akale kwambiri likutchedwa Mombera. Karonga inali North Nyasa, dera la Nkhata Bay linali West Nyasa ndipo boma lake linali ku Chintheche, kolembedwa Chinteche. Chitipa inali Fort Hill, Chilumba inali Deep Bay.

Gulu limene ambiri analowa ndi King's African Rifles, mwachidule KAR, limene makolo ankangoti Keyala. Linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Pamene ena a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika ankalamulidwa m'Chiswahili, athu ankalamulidwa m'Chinyanja. Dzina la Moyale, limene ife a ku Mzuzu timalitchula tsiku ndi tsiku ponena baraki kapena timu ya mpira, ndi la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Kumeneko mu July 1940 kagulu ka asilikali a 1 KAR kanazingidwa ndi Ataliyana ochuluka, kanalimba masiku angapo, kenako kanatuluka usiku. Ndimafuna ana a sukulu a mumzinda muno atamadziwa zimenezi.

Koma si onse anali a Keyala. Panali magulu a madalaivala, a zachipatala, a mizinga, a mauthenga ndi a ntchito zamanja, onse pansi pa ulamuliro wa asilikali wa East Africa, ndipo anyamata ophunzira a ku mishoni za kumpoto ambiri ankatengedwa ku ntchito zofuna kulemba ndi kuwerenga. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno ndi kwa anthu a ulendo. Mwamuna wa ku Mzimba kapena Nkhata Bay nkhondo inkatha kumupeza ali ku Salisbury (lero Harare), ku Copperbelt, ku Johannesburg kapena ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, n'kulembedwa komweko. Wotero angapezeke mu Rhodesian African Rifles, mu Northern Rhodesia Regiment, kapena mu Native Military Corps ya South Africa, imene zikalata zake zili ku Pretoria. Magulu awiri oyambawo anafikanso ku Burma. Choncho funsani kumudzi ngati agogo ananyamukira pakhomo kapena anali kale kunja.

Mukakhala ndi dzina, mudzi, mfumu, boma ndi nambala ngati yapezeka, ndiye nthawi ya maofesi yakwana. Mafailo a msilikali mmodzimmodzi wa Keyala sanatengedwe kupita ku London. Anasiyidwa m'maiko momwemo, ndipo ambiri anatayika kapena kuonongeka. Pa ufulu mu 1964, 1 KAR ndiyo inasanduka bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles, ndiye olowa m'malo a Keyala ndi Malawi Defence Force. Alembereni kalata yaulemu, yofotokoza ubale wanu ndi agogo ndi zonse mwapezazo, muikemo zithunzi za mamendulo ndi kabuku, koma zenizenizo zitsale kunyumba. Bungwe la asilikali akale, Veterans and Ex-Service League of Malawi, nalo ndi khomo loyenera kugogoda, ndipo mwezi wa November, pa mwambo wokumbukira ankhondo, ndi nthawi yabwino yokumana ndi anthu ake maso ndi maso.

Ku National Archives of Malawi ku Zomba kuli mafailo a boma la atsamunda: makalata a ma DC, malipoti a chaka ndi chaka a maboma, nkhani za kulemba asilikali, za ndalama zotumizidwa kwa mabanja, za kubwerera kwa asilikali nkhondo itatha. Konzekani kukhalako masiku angapo, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Mungawerenge failo yonse ya Mzimba osapeza dzina la agogo, koma mupezamo mmene anyamata a dera lanu ankatengedwera, mafumu amene ankathandiza ndi amene ankadandaula. Dziwaninso kuti mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za m'mbuyo mwa chaka chimenecho zinapsa. Kwa inu a nkhondo yachiwiri si vuto, koma kwa ofufuza za nkhondo yoyamba ndi bala lalikulu. Mukadutsa ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale za Keyala.

Chuma china chili ku The National Archives ku Kew, mu London. Bataliyoni iliyonse inkalemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku pankhondo. A ku Burma ndi Ceylon ali m'gulu la zikalata lotchedwa WO 172, a ku East Africa mu WO 169, a nkhondo yoyamba mu WO 95. Mndandanda wake ungafufuzidwe pa intaneti kwaulere, ndipo ngati muli ndi m'bale ku UK angathe kupita kukajambula masamba ndi foni, chiphaso cholowera salipiritsa. Ndikuchenjezeni za chimene mukaonemo, kuti mtima usadzasweke. Tsamba limakhala ndi tsiku, malo ndi ola kumanzere, nkhani kumanja, yotaipidwa pa pepala lopyapyala. Mzungu akavulala ngakhale pang'ono, dzina lake ndi udindo wake zilipo. Athu amalembedwa mwa chiwerengero: asikari atatu aphedwa, asanu ndi awiri avulala. Ndawerenga masamba otere ambiri, koma sindinazolowere. Ngakhale zili choncho, bukuli ndi lamtengo, chifukwa mukadziwa bataliyoni ya agogo mutha kuyenda nawo tsiku ndi tsiku: pamene anakwera sitima, pamene anaoloka mtsinje, tsiku limene chakudya chinachita kuponyedwa ndi ndege. Ndipo maina a athu amatulukira m'mapepala omata kumapeto, makamaka a okwezedwa udindo ndi a olandira ulemu. Ngati kumudzi akuti agogo anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima, fufuzani mu WO 373, mmene muli zikalata zofotokoza chimene munthu anachita kuti aiyenere, ndipo zimenezi zimapezeka pa intaneti.

Poti agogo anu ndi a ku Burma, njira yawo iyenera kuti inali iyi. Ambiri a kuno anali mu 11th East African Division, imene chizindikiro chake chinali mutu wa chipembere. Mukaona kansalu ka chipembere m'bokosimo kapena paphewa pa chithunzi, ndi umboni umenewo. Mmenemo munali mabataliyoni a Nyasaland monga 2 KAR, 13 KAR ndi 22 KAR. Anakwera sitima ku Mombasa, anakaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, mu 1943, ndipo mu 1944 anadutsa ku India n'kutsikira m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, akuthamangitsa asilikali a Japan. Chigwa chimenecho chinali cha matope, malungo ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo ta m'tchire, moti matenda anagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Pofika December 1944 anali atalanda Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Pambuyo pake anabwerera ku India, ndipo ambiri anafika kwawo nkhondo itatha kale. A 1 KAR anali m'gulu lina, 22nd East African Brigade, limene linamenya ku Madagascar mu 1942 ndipo kenako linatumizidwa ku Arakan, m'mbali mwa nyanja ya Burma. Ndiye gogo wina akatchula Madagascar ndi Burma pamodzi, mwapeza chokuunikirani.

Agogo anu anabwerako. Koma ndikudziwa kuti ena owerenga ali ndi m'bale amene sanabwere, ndipo kwa iwo malo oyamba ndi tsamba laulere la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ankhondo. Lembanimo dzina m'kalembedwe kosiyanasiyana, kapena nambala yokha. Athu agona kutali: ku Taukkyan pafupi ndi Yangon, kumene kulinso chipilala cha Rangoon cha amene manda awo sadziwika, ku Nairobi, ku Addis Ababa, ku Diego Suarez, ku Colombo. Nthawi zina pansi pa dzina pamalembedwa bambo wake ndi boma lakwawo.

Za nkhondo yoyamba, imene makolo ankati ya Chiwaya, ndi zowawa koposa, ndipo ife akumpoto inatipeza pakhomo. Pa 9 September 1914 Ajeremani ndi asilikali a Keyala anamenyana ku Karonga, ndipo manda a nkhondo imeneyo alipo mpaka lero. Amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anagwira mfuti, koma pafupifupi 200,000 anatengedwa ngati amtengatenga, osenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri mokakamizidwa. Nsanja ya chikumbutso ya Keyala ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ili ndi maina oposa 1,000 a asilikali amene anafa, ndipo ndi bwino kukaima pamenepo n'kuwerenga. Koma amtengatenga amene anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chimfine cha 1918, ambiri sanalembedwe paliponse. Mu 2021 bungwe la manda lija linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu. Choncho banja likafufuza n'kusapeza kanthu, si ndiye kuti agogo ananama. Amene sanalembe ndiye analakwa. Kwa mabanja otere, mawu a pakamwa ndiwo chikalata, ndipo mwayi ulipo pang'ono: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayenda m'midzi kujambula mawu a asilikali ndi amtengatenga amene anali moyo, ndipo zokambiranazo zinasindikizidwa. Muli maina a anthu ndi midzi yawo.

Za ndalama ndiyankhe mosapsatira. Msilikali ankalandira ndalama yothokoza kamodzi kokha potuluka, ndipo inali ya tsankho. Zikalata za ku Kew zimene zinaululika mu 2019 zinaonetsa kuti msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wachikuda wa udindo womwewo ankawerengeredwa mashileni atatu ndi theka. Kudandaula kwa mabanja n'komveka, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi. Koma thandizo limene limabwera kudzera m'mabungwe a asilikali akale ndi la asilikali amene ali moyo ndi akazi awo amasiye, si cholowa cha zidzukulu. Munthu akabwera kumudzi ndi mafomu, n'kumati perekani ndalama yolembetsera kuti chipukuta misozi cha agogo chituluke ku London, ameneyo ndi wakuba. Ena amapempha kabuku ndi mamendulo kuti akakonzere mapepala, osabweranso, chifukwa zinthu zimenezi zili ndi msika kunja. Ndinakumanapo ndi banja limene linatsala ndi kansalu kokha, mendulo itapita ndi mlendo wovala tayi. Musapereke chilichonse m'manja mwa munthu, ngakhale wachibale, koposa chithunzi chake.

Gulani kope la chikuto cholimba, likhale la nkhani imeneyi yokha. Chilichonse mwamva, lembani amene wanena, tsiku ndi malo, ndipo musiyanitse zimene munthu anaona yekha ndi zimene anangomva. Nkhani ziwiri zikatsutsana, lembani zonse ziwiri, musasankhe msanga. Ana anu amene akufunsawo muwatenge pa ulendo wa ku Ekwendeni, mmodzi agwire foni, wina alembe. Mukabwerako ndi mawu a pa nyenyezi ziwirizo, maina onse a agogo, dzina la mfumu yawo ndi malo amene ankatchula, mundilemberenso, tidzaone limodzi kuti ndi bataliyoni iti imene tiyambe kuitsata.